Matisheti, masitika ndi chakudya chaulere: makampaniwa akufunanji kwa olemba mapulogalamu?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana amene akumaliza maphunziro a zamakompyuta. Akuti wakhala akupita ku misonkhano ya madivelopa (olemba mapulogalamu) yothandizidwa ndi makampani akunja, komwe amagawa matisheti, masitika, chakudya, nthawi zinanso mwayi wogwiritsa ntchito ma server (makompyuta amene amayendetsa mapulogalamu pa intaneti) mwaulere. Tsopano anzake akumupempha kuti atsogolere gulu lawo lothandizidwa ndi imodzi mwa makampaniwa, koma malipiro palibe. Funso lake ndi lakuti: makampaniwa amapindula chiyani, nanga iye avomere?

Achemwali, vomerani. Koma muyambe mwamva kuti malondawa amayenda bwanji.

Zambiri zimene makampani amenewa amagulitsa sizikhala ndi ntchito mpaka munthu wina atalembapo pulogalamu. Apple itatsegula App Store mu 2008 munali ma app 500 okha, ndipo Google inatsegula msika wake wa Android chaka chomwecho. Anthu amene anadzaza misikayi sanali antchito a Apple kapena a Google, anali anthu wamba ngati inu. Mukafuna kuona zimene zimachitika anthu oterewa akakana kubwera, yang'anani Windows Phone. Microsoft inali ndi ndalama, inagulanso gawo la mafoni la Nokia mu 2014, koma pofika 2017 mkulu wina wa kampaniyo, Joe Belfiore, anavomereza poyera kuti anayesa kulipira olemba ma app, ena mpaka kuwalembera, koma sizinatheke chifukwa ogwiritsa ntchito mafoniwo anali ochepa. Ogula sankabwera chifukwa kunalibe ma app, olemba ma app sankabwera chifukwa kunalibe ogula. Basi foniyo inafa.

Nzeru yonyengerera madivelopa si yatsopano ayi. Kompyuta ya Macintosh isanatuluke mu 1984, Apple inali italemba kale anthu ngati Guy Kawasaki, ntchito yawo kuyendera makampani a mapulogalamu n'kumawakopa kuti alembere kompyuta imene anthu anali asanaione. Masiku ano ntchitoyi imatchedwa developer relations, ndipo amene amaigwira amalandira malipiro abwino. Kumbukirani zimenezi: pamwamba pa gulu lanu lodzipereka pali munthu wolipidwa amene kumapeto kwa mwezi amapereka lipoti kwa bwana wake la anthu angati anabwera, angati anatsegula akaunti, angati anayamba kugwiritsa ntchito katundu wawo.

Chifukwa chachiwiri n'chimene chimakukhudzani kwambiri. M'makampani ambiri bwana ndiye amasaina cheke, koma amene amasankha chida ndi wolemba mapulogalamu. Inu mukaphunzira pa ma server a kampani inayake muli kusukulu, mawa mukalembedwa ntchito ku banki kapena ku bungwe la zaumoyo, mudzanena kuti tigwiritse ntchito zomwezo poti ndi zimene mukuzidziwa. Zaulere za lerozo adzazibweza pa bilu ya abwana anu. Makampani a Stripe (ya zolipira pa intaneti) ndi Twilio (ya zotumiza mauthenga) anakula mwa njira imeneyi: m'malo motumiza amalonda ovala masuti, analemba malangizo omveka bwino kuti munthu ayese API yawo (khomo lolumikizira pulogalamu yake ku ntchito zawo) madzulo amodzi n'kuona ikugwira ntchito. Ku Kenya, Safaricom inatsegula Daraja mu 2017 kuti aliyense athe kuyesa kulumikiza pulogalamu yake ku M-Pesa asanayambe kuyendera maofesi. Kwa ine, uku ndiye kumanga gulu kwenikweni. Malangizo olondola, malo oyesera osataya ndalama, ndi munthu woyankha ukakakamira usiku. Phwando limabwera pambuyo.

Nanga n'chifukwa chiyani amakonda anthu odzipereka? Kutchipa ndi chifukwa chimodzi, tisanamizane. Koma chachikulu n'chakuti munthu amakhulupirira mnzake wa m'kalasi kuposa wotsatsa malonda. Magulu a Google Developer Groups amayendetsedwa ndi anthu odzipereka m'mizinda yambiri padziko lapansi, ndipo Microsoft yakhala ikupereka ulemu wa MVP (Most Valuable Professional) kuyambira 1993 kwa anthu amene amathandiza anzawo osalipidwa. Kampani imapereka dzina, zipangizo zophunzitsira ndi kangachepe kothandizira msonkhano. Inu mumapereka nthawi, nkhope yanu ndi chikhulupiriro chimene anzanu ali nacho pa inu. Sikuti ndi kuberana, koma ndi malonda, ndipo wogulitsa ayenera kudziwa mtengo wa katundu wake.

Za matisheti ndisachedwepo. Mu 2020, pa Hacktoberfest, zochitika za mwezi wa Okutobala zokonzedwa ndi kampani ya DigitalOcean, anthu ankalandira tisheti akatumiza zosintha zinayi ku mapulojekiti a open source, amene code yake ili poyera kwa aliyense. Zotsatira zake, osamalira mapulojekitiwo anadzazidwa ndi zosintha zopanda pake, wina kungowonjezera liwu limodzi, mpaka malamulo anasinthidwa mwezi uli mkati. Ukalipira chiwerengero umalandira chiwerengero.

Tsopano mbali imene sakonda kuikamba pa misonkhano. Kulemba pulogalamu yodalira API ya kampani ina kuli ngati kumanga nyumba ya njerwa pa poloti ya mwini: tsiku limene iye wafuna malo ake, khoma simunganyamule. Twitter inakula mothandizidwa ndi ma app a anthu akunja kwa kampaniyo. Mu 2012 inawaikira malire a chiwerengero cha ogwiritsa ntchito, ndipo mu Januwale 2023 inangowadula osachenjeza, moti ma app a Tweetbot ndi Twitterrific, zimene anthu anazigwirira ntchito zaka zambiri, zinathera pomwepo. Chaka chomwecho Reddit inayamba kulipiritsa API yake, ndipo Christian Selig, amene analemba Apollo, app yowerengera Reddit, anawerengera kuti angamalipire pafupifupi madola 20 miliyoni pa chaka. Anatseka pa 30 Juni. Facebook inagula Parse, kampani yosungira ma app deta pa ma server ake, mu 2013, anthu n'kumangapo ma app awo, kenako mu 2016 inalengeza kuti ikutseka, ngakhale iyo inapereka chaka chathunthu choti anthu asamuke ndipo inatulutsa code yake poyera. Pali kusiyana pakati pa kutseka mwaulemu ndi kutseka mwachipongwe, ndipo madivelopa saiwala.

Nthawi zina gulu limapambana. Mu Seputembala 2023 Unity, kampani ya chida chopangira masewera a pakompyuta, inalengeza kuti opanga masewera azilipira nthawi iliyonse munthu akaika sewero lawo pa foni kapena pa kompyuta. Phokoso linakula, ena anayamba kusamukira ku chida china chaulere chotchedwa Godot, mkulu wa Unity John Riccitiello anachoka mwezi wotsatira, ndipo mu 2024 ndalamayo inathetsedwa. Microsoft nayo, imene mtsogoleri wake Steve Ballmer anatcha Linux khansa mu 2001, inadzagula GitHub, tsamba limene madivelopa amasungirapo code yawo, mu 2018 pa madola 7.5 biliyoni. Sikuti inatembenuka mtima. Inaona kumene olemba mapulogalamu asonkhana, n'kupita komweko.

Ndiye utsogoleri mukautenga, gwirani zinthu zimene zidzakhalebe zanu kampaniyo ikadzasintha maganizo. Phunzitsani zida zosadalira kampani imodzi monga Git, SQL, Linux ndi mmene intaneti imayendera, kenako zida za kampaniyo zibwere pamwamba pake. Manambala ndi ma imelo a mamembala, ngati eni ake avomera, asakhale pa tsamba la kampani pokha. Muziyang'ananso magulu amene alibe mwini mmodzi, ngati a Python, amene msonkhano wawo woyamba wa PyCon Africa unachitikira ku Accra mu 2019.

Musaope kusiya mitu yobwera kuchokera kunja. Zimene zakonzedwa ku California sizidziwa kuti theka la anthu m'chipindamo likuwerengera bandulo, kapena kuti kulipira madola 99 pa chaka kwa Apple, ngakhale madola 25 a Google Play, kuti uike app yako pa misika yawo, kumavuta kwa munthu amene khadi lake la ku banki silikulola kulipira kunja. Msonkhano wa mmene mungalandirire ndalama kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, kapena mmene mungalembere USSD (ma menyu a pa foni oyamba ndi * n'kuthera ndi #), ungathandize anthu ambiri kupeza ganyu kuposa kuonera limodzi zimene zalengezedwa ku Google I/O, msonkhano wa pachaka wa Google. Ngati malamulo a gululo akukuletsani kukamba za katundu wa makampani ena, dziwani zimenezi musanavomere.

Pa nkhani ya ndalama, funsani kuti akulembereni zimene amalipira: holo, chakudya, intaneti, thiransipoti ya olankhula. Musatulutse ndalama za m'thumba mwanu poyembekezera kubwezeredwa pokhapokha mutadziwa kuti zimatenga nthawi yaitali bwanji ndiponso kuti zidzafika kudzera njira iti. Popeza muli chaka chomaliza, uzani anzanuwo kuti mutsogolera chaka chimodzi, ndipo musankhiretu wa chaka chachiwiri kapena chachitatu woti muzigawana naye ntchito kuyambira msonkhano woyamba, makamaka miyezi ya mayeso.