Za mphepo wafunsa zija

Eee msuweni, ndaumva uthenga wako. Akuti mwana wapatsidwa homuweki ya sayansi, mphepo imachokera kuti... Iweyo? Unayamba liti kuthandiza ana homuweki? Hahaha. Ukuzungulira iwe. Wamva a zanyengo akuchenjeza pa wayilesi, mtima wathamangira ku denga la agogo ku Ngabu. Ungonena basi.

Chabwino, za mwanayo kaye. Mpweya umalemera, umakanikiza chilichonse ngakhale sitiumva, kukanikizako ndiye pulesha. Pansi pakatentha, mpweya wa pamenepo umapepuka n'kukwera, pamatsala pulesha yochepa. Ndiye wa kwina kozizirirapo, wolemera uja, umathamangira pomwepo. Kuthamangako ndiye mphepo, ndipo mapulesha awiriwo akasiyana kwambiri imabwera yaukali. Kuno Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 40, si waona mvula yoyamba mmene imabwerera? Namondwe ndi zomwezo, kungoti amabadwira panyanja yamchere, madzi akafunda kupitirira madigiri 26, ngati pakati pa Mozambique ndi Madagascar paja. Pakati pake pulesha imatsikiratu, mphepo n'kumazungulira. Akalowa kumtunda amafooka. Namondwe Freddy mu 2023 kuno anatiliza ndi madzi a Shire ndi Ruo kuposa mphepo.

Koma ukuwakumbukira bambo ako aang'ono, amalume anga a ku Bangula? Chaka cha namondwe Ana chija... ayi, Ana ndi Januwale 2022, pomwe Kapichira anawonongeka magetsi n'kumazimazima. Izi zinali Novembala wa m'mbuyo mwake. Anali atangokhoma malata atsopano ndi ndalama ya thonje ija, ya mkangano ija, ndisaiyambe pano. Mmisiri akuti gulani waya womangira denga, iwo ayi, kuwononga ndalama kumeneko. Anasanja miyala pamwamba, njerwa, tayala lakutha la ngolo, mpaka mtondo wa akazi awo anaukweza. Mtondo, msuweni! Masana ena kunja kunangoda bii, fumbi kobo, nkhuku kuthawira pansi pa nkhokwe. Iwo n'kutsegula chitseko cha mbali yomwe kumachokera mphepo, akuti isavutike, ilowe ituluke ngati mlendo. Denga lonse linanyamuka ndi phaso lomwe, kukatera pa khola la mbuzi la aneba. Iwo ali phee pampando, wayilesi m'manja, mvula ikuwagwera m'kapu ya tiyi. Mpaka lero amati mwini mbuzi uja ndi amene anawalodza. Ukawapatsa moni usatchule mtondo.

Ndimati chiyani... eya. Denga limanyamulidwa kuchokera pansi. Mphepo ikamathamanga pamwamba pa malata pulesha ya pamenepo imatsika, mpweya wa m'nyumba n'kumakankha chokweza, ukatsegulanso chitseko cha kumphepo ndiye wauwonjezera mphamvu. Malata a agogo ali bwinobwino, ndakwerapo ine. Vuto ndi loti phaso langokhazikidwa pakhoma, silinamangidwe. Pakufunika waya wokhuthala, kuboola khoma mizere ingapo ya njerwa kutsika pansi, n'kumangirira mitengoyo.

Ndiye ya malata atsopano usatumize, ndakudziwa ukufuna anthu akuone. Tumiza ya waya ndi misomali ya malata. Mmisiri ndimupeza ndine, koma zichitike mvula yoyamba isanagwe. Wamva, bwana wa m'tauni? Ya waya.