Kanambala ka m'munsi musakakhudze

FUNSO: Pa mayeso a Chemistry tinauzidwa kuti tibalanse H₂ + O₂ → H₂O. Ine ndinalemba H₂ + O₂ → H₂O₂, maatomu n'kukwanirana ndendende mbali zonse ziwiri, koma aphunzitsi anathetha. Ndinalakwitsa pati?
Wophunzira wa kusekondale

YANKHO: Aphunzitsi sanakulakwireni. H₂O ndi madzi, pomwe H₂O₂ ndi hydrogen peroxide, mankhwala oyeretsera tsitsi amene munthu sangamwe. Mutasintha kanambala ka m'munsi kaja, munasinthiratu chinthu chimene chikupangidwa. Imene muli ndi ufulu woisintha ndi nambala yakutsogolo kwa fomula basi, chifukwa imangonena kuchuluka kwa mamolekyu. Yankho lake ndi 2H₂ + O₂ → 2H₂O.

Timabalansa chifukwa zinthu zikaphatikizana n'kusanduka zina, kulemera kwake konse sikuchepa kapena kuwonjezeka, monga anafotokozera Antoine Lavoisier mu 1789. Magalamu 4 a haidrojeni (H₂) akapsa ndi magalamu 32 a okosijeni (O₂), madzi ake amalemera magalamu 36. Maatomu ndi omwewo, angosintha ogwirana nawo.

Tiyeni tiyese yovutirapo, ya kuyaka kwa ethane: C₂H₆ + O₂ → CO₂ + H₂O. Gwiritsani pensulo, chifukwa mufufuta. Yambani ndi kaboni: kumanzere alipo 2, choncho lembani 2CO₂. Haidrojeni alipo 6, ndipo molekyu iliyonse ya madzi imatenga awiri, ndiye 3H₂O. Okosijeni musiyeni komaliza. Iye wayima payekha kumanzere, kotero kusintha nambala yake sikusokoneza zimene mwakonza kale. Kumanja tsopano alipo 4 a mu 2CO₂ ndi 3 a mu 3H₂O, onse pamodzi 7.

Apa ndi pamene ambiri amagwira njakata, poti O₂ amabwera awiriawiri ndipo 7 sagawika pawiri. Musaope kuyamba mwalemba 3½O₂. Kenako chulukitsani chilichonse ndi 2, osati okosijeni yekha ayi:

2C₂H₆ + 7O₂ → 4CO₂ + 6H₂O

Werenganinso musanapitirire: kaboni 4, haidrojeni 12, okosijeni 14, uku ndi uku.

FUNSO: Nanga za mabulaketi, ngati Al + H₂SO₄ → Al₂(SO₄)₃ + H₂, ndiziyamba bwanji? Zimandizunguza mutu.
Wokonzekera mayeso

YANKHO: Kanambala kakunja kwa bulaketi kamachulukitsa zonse zam'kati, kotero mu (SO₄)₃ muli salufa 3 ndi okosijeni 12. Koma musavutike n'kuwerenga mmodzimmodzi. SO₄ wadutsa osaphwanyika kuchoka kumanzere kupita kumanja, ndiye muwerengeni ngati mtolo umodzi. Kumanja kuli mitolo itatu, choncho 3H₂SO₄. Zimenezi zabweretsa haidrojeni 6, amene ndi 3H₂. Aluminiyamu ndi wosavuta, 2Al:

2Al + 3H₂SO₄ → Al₂(SO₄)₃ + 3H₂

Equation, kutanthauza mzere wonse wa mafomula uja, ikakana kubalansika ngakhale mwayesa nambala zosiyanasiyana, kawirikawiri vuto limakhala fomula imene mwalemba poyamba. Onani ngati simunalembe MgCl m'malo mwa MgCl₂, kapena O m'malo mwa O₂. Haidrojeni, naitrojeni, okosijeni, fluorine, chlorine, bromine ndi iodine zikakhala pazokha zimalembedwa ndi ka 2 m'munsi. Ndipo mukapeza 4H₂ + 2O₂ → 4H₂O, mwabalansa ndithu, koma gawani ndi 2 kuti manambala akhale ochepetsetsa, chifukwa ochonga amafuna amenewo.