Kodi mayeso okumbukira manambala amalosera luso lothetsa mafunso ovuta?

Mphunzitsi wina wa masamu watilembera pa imelo kuti ophunzira ake awiri anayesedwa kubwereza manambala amene angomva kumene. Wina anagwira manambala 7, mnzake 5 okha, koma amene amakhoza masamu ofuna kuganiza kwambiri ndi wa manambala 5 uja. Akufunsa ngati mayesowo ali ndi phindu.

Aphunzitsi, phindu lilipo, koma mayeso amene mwatchulawo ndi ofooka kwambiri pa kulosera zimenezi.

Chimene chimayenderana ndi kuthetsa mafunso ndi chija akatswiri amachitcha working memory: kusunga zinthu zochepa m'mutu kwa masekondi angapo uku mukuzigwiritsa ntchito. Mukamachulukitsa 27 ndi 4 osalemba, mumapeza 28 kuchokera pa 7, n'kuisunga, mumapeza 80 kuchokera pa 20, kenako mumaphatikiza kukhala 108. 28 ija ikathawa m'mutu, funso lonse lagwa. Ofufuza Alan Baddeley ndi Graham Hitch ndi amene anafotokoza bwino nkhaniyi mu 1974, ndipo Nelson Cowan mu 2001 anati malo amenewa amakwana magulu a zinthu pafupifupi 4 basi.

Kubwereza manambala m'mene mwawamvera kumangoyesa kusunga. Mayeso amphamvu amamupatsa munthu ntchito ziwiri nthawi imodzi. Mu operation span, amene Turner ndi Engle anakonza mu 1989, woyesedwa amaona kasamu kakafupi n'kunena ngati yankho lake ndi lolondola, kenako amapatsidwa liwu kapena chilembo choti asunge, ndiyeno kasamu kena, chilembo china, mpaka pamapeto atchule zilembo zonse motsatana. Ofufuza ambiri amataya zotsatira za munthu amene wakhoza masamuwo osafika 85 peresenti, chifukwa wotereyo amakhala wasiya ntchito imodzi n'kumangoloweza zilembo.

Mayeso a mtunduwu ndi amene amagwirizana bwino ndi mayeso a kulingalira monga a Raven, momwe munthu amaona zithunzi zondandalikidwa n'kupeza chosowa. Ackerman, Beier ndi Boyle atasonkhanitsa kafukufuku wambiri mu 2005 anapeza mgwirizano wa pafupifupi 0.48, pa sikelo yomwe 1 ndiye kugwirizana kotheratu. Kane, Hambrick ndi Conway chaka chomwecho anati ukaphatikiza mayeso angapo umafika pa 0.72. Ngakhale titatenga nambala yaikuluyi, ndi theka lokha la kusiyana kwa anthu limene likufotokozedwa (gawolo limapezeka pochulukitsa 0.72 ndi 0.72, zomwe ndi pafupifupi 0.5). Theka linalo ndi lalikulu mokwanira kuti ana anu awiri aja asakhale odabwitsa konse.

Nanga theka limenelo muli chiyani? Choyamba ndi zimene mwana akudziwa kale. Chase ndi Simon mu 1973 anaonetsa kuti akatswiri a chess amakumbukira bwino kwambiri malo a tizidutswa ta masewera enieni, koma tikangomwazidwa mwachisawawa, kupambana kwawoko kumatsala pang'ono kutheratu. Mutu wawo sunakule. Amangomanga zinthu zambiri m'mtolo umodzi. Mwana amene 7 kuchulukitsa 4 imamubwerera yokha watsala ndi malo oganizira funso lenilenilo, pamene wowerenga ndi zala wadzaza kale malo onse.

Palinso chilankhulo. Munthu amasunga mawu amene angawatchule m'masekondi pafupifupi 2, choncho mayina aatali a manambala amatsitsa zotsatira. Ellis ndi Hennelly anaona zimenezi mu 1980 mwa anthu olankhula Chiwelshi ndi Chingerezi. Nkhawa nayo imadya malo omwewo: Beilock ndi Carr mu 2005 anapeza kuti pa masamu ovuta, kupanikizidwa kunavulaza kwambiri ophunzira amene working memory yawo inali yaikulu.

Tikuchenjezeni pa mapulogalamu a masewera a pakompyuta olonjeza kukulitsa nzeru polimbitsa working memory. Kafukufuku wa Jaeggi wa mu 2008 anapatsa anthu chiyembekezo, koma Melby-Lervåg ndi Hulme atapenda zofufuza zambiri mu 2013 anapeza kuti munthu amangozolowera masewerawo ndi ntchito zofanana nawo. Masamu ndi kuwerenga sizisintha kwenikweni. Nthawi ya mwana ndi yamtengo wapatali kuposa pamenepo.

Chothandiza ndi kumupeputsira katundu. Kwa mwana wa manambala 7 uja, muuzeni athetse funso mokweza mawu, muone pamene akupunthwa. Ngati akuiwala zimene wapeza pakati, alembe sitepe iliyonse, ndipo funso likhale pamaso pake, osati longomva. Malangizo mupereke awiri kapena atatu panthawi, osapitirira. Ngati sakuiwala kanthu koma akusankha njira yolakwika, vuto si kukumbukira ayi. Mupatseni zitsanzo zothetsedwa kale, azifotokoze mzere ndi mzere asanayese funso lake lofanana nazo.