Kugula motherboard ndi purosesa kutsidya kwa Mwami

Achimwene, mwafunsa mmene malonda athu obweretsa zipangizo za kompyuta kuchokera ku Zambia amayendera, komanso ngati ndingakugulireni motherboard (bolodi lomwe zipangizo zonse za m'kompyuta zimalumikizidwapo) ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) zatsopano popeza makina anu ayamba kudodoma mukamasewera magemu. Ndiyankha zonse pamodzi, chifukwa pa ntchito imeneyi kusankha katundu ndi kuwoloka naye malire ndi nkhani imodzi.

Zipangizo zimenezi sindizisunga m'shopu kuno ku Mchinji. Ndimagula pokhapokha munthu ataitanitsa ndi kulipirako ndalama ina, ndipo sindinyamuka ndisanadziwe zomwe zili m'kati mwa kompyuta yake. Ku Chipata zimapezeka zochepa, kotero nthawi zambiri ndimafika ku Lusaka, mtunda wopitirira makilomita 500 pa msewu wa Great East, ndipo katundu akalakwika, ulendo wokamubweza umadya phindu lonse ndi mpamba womwe.

Cholakwika chachikulu chimachitikira pa soketi, pamalo pomwe purosesa imakhazikika. Purosesa ya AMD silowa pa motherboard ya Intel, ndipo ngakhale za kampani imodzi sizilowana zonse. Kwa AMD, soketi ya AM4 imalandira mapurosesa a Ryzen mpaka a gulu la 5000 ndipo imayenda ndi RAM (memore ya kompyuta) ya mtundu wa DDR4, pomwe AM5, yomwe inatuluka mu 2022, imafuna DDR5 yokha. Kwa Intel, soketi ya LGA1700 imalandira mapurosesa a m'badwo wa 12, 13 ndi 14, koma motherboard zake zina ndi za DDR4 ndipo zina ndi za DDR5, choncho pafunika kuwerenga bokosi mofatsa. Ngati muli kale ndi DDR4, maganizo anga ndi akuti mutenge Ryzen 5 5600 ndi motherboard ya B550, kapena Core i5-12400F ndi B660 ya DDR4, m'malo mothamangira AM5 yomwe ikukakamizani kugulanso RAM. Dziwaninso kuti mapurosesa awiriwa satulutsa chithunzi paokha, amadalira graphics card, khadi lotulutsa zithunzi, ndipo ngati khadi lanulo ndi lofooka, magemu apitiriza kudodoma ngakhale mutaika purosesa yamphamvu chotani.

Ndinaphunzira movutikira nkhani ya BIOS, pulogalamu ya pa motherboard yomwe imadzutsa kompyuta mukaiyatsa. Ulendo wina ndinabwera ndi motherboard ya B450 pamodzi ndi Ryzen 5 5600, wogulitsa atanditsimikizira kuti zimagwirizana. Soketi inalidi yoyenera, koma titalumikiza zonse kompyuta sinaonetse kanthu, chifukwa BIOS inali yakale ndipo sinkaizindikira purosesayo. Tinatha masabata awiri tikufunafuna Ryzen yakale yobwereka kuti tikonzere vutolo, mwini katundu akundiyimbira foni tsiku ndi tsiku, ndipo manyazi ake ndimawamvabe. Kuyambira pamenepo sindipereka ndalama wogulitsa asanayatse zipangizozo ine ndikuona, ndipo ndimayang'anitsitsa timapini, tomwe pa AM4 timakhala pa purosesa koma pa LGA1700 timakhala pa motherboard, popeza kamodzi kokha kakapindika wogulitsa savomeranso kulandira katunduyo.

Pa malire zinthu zinapepukako kuyambira mu 2022, pamene anatsegula chipata cha Mwami ndi Mchinji choti zonse za mayiko awiri zizithera pamodzi. Ndimaonetsa katundu ndi malisiti kwa a MRA, iwo n'kuwerengera msonkho. Ambiri amaganiza kuti ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono itithandiza, koma imeneyo ndi ya katundu wopangidwa m'mayiko a m'bungweli yemwe ali pa mndandanda wogwirizana, pomwe zipangizo zathuzi zimachokera kutali, makamaka ku Asia. Ozembetsa katundu kudzera m'njira za kutchire alipo, koma ine sindingaike katundu wolipiridwa ndi munthu wina pa chiswe chotero. Mtengo womwe ndingakuuzeni umakhala wa masiku ochepa, chifukwa umatsata mmene Kwacha yathu ikusinthidwira ndi ya Zambia, ndipo pamwamba pake ndimaikapo msonkho, thiransipoti ndi phindu langa.

Chinanso, ngati kompyuta yanu ndi ija ya mu ofesi ya HP kapena Dell yogwiritsidwapo kale ntchito, zambiri mwa izo zili ndi bokosi ndi power supply (chogawa magetsi m'kompyuta) zopangidwa mwapadera, moti motherboard wamba salowamo, ndipo pamenepo mufunika kugulanso ziwirizo. Musaiwale UPS, kabokosi ka batire kothandiza kuti kompyuta isazime magetsi akathima, poti kuzimazima kwa magetsi kwawononga makina a anthu ambiri kuno.

Nditumizireni pa WhatsApp zithunzi zoonetsa dzina lolembedwa pa motherboard yanu, RAM, graphics card ndi chikalata chomatidwa pa power supply, pamodzi ndi mayina a magemu omwe mumasewera. Zikandipeza Lolemba lisanafike, ndikuuzani mtengo ndisanakwere basi.