Kodi amalume a mwendo woyikirira ndi cyborg?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Senga Bay, dzina sinditchula. Akuti amalume awo anadulidwa mwendo ng'ona itawagwira ku Linthipe, pano amayendera mwendo woyikirira, ndiye ana apamudzi atengera za m'mavidiyo sho, akangowaona akudutsa ayamba "cyborg! cyborg!" Funso lawo ndi loti kodi cyborg n'chiyani kwenikweni, nanga malire ake ali pati?

Achemwali, anawo akufunika kuwakhazika pansi, koma imeneyo ndi ntchito ya makolo awo, ine ndiyankhe funsoli.

Mawuwa sanayambire m'mafilimu ayi. Anawapeka ndi asayansi awiri, Manfred Clynes ndi Nathan Kline, mu 1960 ku America, nthawi imene dzikolo linali pa mpikisano ndi Soviet Union wofuna kutumiza munthu mumlengalenga. Iwo ankati mmalo mosenza mpweya, kutentha ndi zonse zapansi pano kupita nazo kumwambako, bwanji osangosintha thupi la munthuyo kuti lizipirira lokha. Ndipo chitsanzo chawo sichinali chimunthu chachitsulo chamaso ofiira, chinali khoswe! Khoswe yemwe anamulumikiza kapampu kothira mankhwala m'thupi pang'onopang'ono, mwiniwake osachitapo kanthu, osadziwanso n'komwe.

Ndiye mukatengera pamenepo, amene ali pafupi ndi khosweyo si amalume anu, ndi azimayi ambirimbiri omwe ali ndi kulera kwa pamkono kuno ku Salima konkuno, Jadelle ya timitengo tiwiri ya zaka 5 kapena Implanon ya kamodzi ya zaka 3, timatulutsa mankhwala usana ndi usiku mayi ali kumunda kapena akugulitsa usipa pa msika. Nditawauza izi mayi akunyumba anangondiyang'ana diso lija, nkhani inathera pomwepo. Mwendo wa amalume amauvula usiku n'kuutsamiritsa kukhoma, kwa ine umenewo ndi mbale wake wa ndodo ndi magalasi a maso basi.

Ineyo ndimafunsa chinthu chimodzi: kodi chipangizocho chimamva zomwe thupi likuchita n'kuyankha chokha? Pacemaker ya masiku ano, kachipangizo kothandiza mtima kugunda, imatero, imamvetsera mtima, ukachedwa kugunda iyo imautsina ndi kamagetsi. Wodwala woyamba kumuika pacemaker m'thupi anali Arne Larsson ku Sweden mu 1958, yoyambayo inafa patangopita maola ochepa, anamusinthira zokwana 26 moyo wake wonse mpaka anamwalira mu 2001 ali ndi zaka 86, dotolo yemwe anamuchita opareshoni uja anali atatsogola kale. Ameneyo nde ndingamutche cyborg mosakayika, koma mukanakumana naye pa depoti simukanadziwa kalikonse.

Pomwe anthu amakanganirana kwambiri ndi apa, kubwezeretsa chomwe chinatayika kapena kuwonjezera chomwe munthu sanabadwe nacho. Neil Harbisson anabadwa osaona mitundu, zonse kwa iye ndi zoyera, zakuda ndi zotuwa, kuyambira 2004 amayenda ndi kamlongoti pamutu komwe kamasandutsa mitundu kukhala mamvekedwe, mpaka chithunzi cha pa pasipoti yake ya ku Britain ali nako. Mungati kubwezeretsa eti? Koma pano amamvanso infrared ndi ultraviolet, kuwala komwe inu ndi ine maso athu saona. Nayenso Oscar Pistorius wa ku South Africa, uja anadzamangidwa pa mlandu wopha chibwenzi chake, anamuletsapo kuthamanga ndi anthu a miyendo yobadwa nayo ati yake yoyikirira ya kaboni ikumupatsa mwayi, khoti la zamasewera linasintha chigamulocho mu 2008 ndipo anathamanga ku Olympics ya London mu 2012. Akatswiri okhaokha anakanika kugwirizana, ndiye musadabwe kuti mzerewu ndi wokhotakhota.

Koma chomwe chimandisowetsa tulo ine si dzina, ndi loti chinthucho chikalowa m'thupi mwini wake ndi ndani. Kampani ya Second Sight ku America inaika kachipangizo kotchedwa Argus II m'maso mwa anthu osaona opitirira 350, kenako cha mu 2019 inasiya kupanga, ndalama zitavuta anthu aja anatsala ndi zida m'maso zopanda wozikonza. Tangoganizani, ife foni ikangofa batire timathamangira kwa anyamata a pa Kamuzu Road, nanga diso mungapite nalo kwa ndani? Kampani ya Elon Musk ya Neuralink inaika chipu muubongo wa munthu koyamba mu January 2024, munthu wofa ziwalo n'kumasewera chess pa kompyuta ndi maganizo okha, n'zosangalatsa zedi, koma funso langa ndi lomwelo.

Za amalume, muwafunse ngati mwendowo sukuwakhula pa chitsa paja, chifukwa thupi limasintha, munthu akaonda kapena kunenepa mwendo umayamba kugwedera n'kubweretsa zilonda, ndipo akuluakulu ambiri amangopirira osanena. Ngati zili choncho abwerere komwe anawapangira akawakonzere, asamangeko ndi mphira wa njinga.