Mlandu ukaimitsidwa sine die, kodi watha?

Mayi wina wa ku Zomba watilembera imelo. Akuti woweruza waimitsa mlandu wa malo wa mchimwene wawo sine die, ndipo abale ayamba kale kusangalala kuti nkhani yatha. Afunsanso za nolle prosequi ndi voir dire, mawu amene amawaona m'nyuzipepala.

Mayi, auzeni abalewo asaphe kaye nkhuku. Mawuwa ndi a Chilatini: sine ndi "popanda", die ndi "tsiku". Khoti laimitsa mlandu osatchula tsiku lodzakumananso, koma fayilo ikadali yamoyo. Mbali iliyonse ikhoza kupempha tsiku latsopano, ndipo apa ndi pamene anthu amagwa m'mavuto: amataya mapepala, amasamuka osadziwitsa khoti, samani n'kupita ku adilesi yakale, mlandu n'kumveka iwo kulibe. Lembani nambala ya mlanduwo pamalo osasowa, ndipo muzikafunsa kwa kalaliki wa khoti ngati tsiku laikidwa.

Nolle prosequi ndi "kusafuna kupitiriza kuzenga mlandu". Izi zimachitika pa milandu imene boma likuimba munthu, osati ya malo ngati yanuyi. Ku Malawi mphamvuyi ili ndi DPP, mkulu wozenga milandu m'malo mwa boma, malinga ndi gawo 99 la malamulo aakulu a dziko, ndipo ayenera kufotokozera komiti ya zamalamulo ya Nyumba ya Malamulo zifukwa zake pasanathe masiku 10. Woimbidwa mlanduyo amatuluka, koma khoti silinanene kuti ndi wosalakwa.

Pa voir dire ndiye muchenjere kwambiri ndi mapulogalamu omasulira a pa foni. Adzakuuzani kuti "kuona, kunena", chifukwa mu Chifalansa cha lero voir ndi kuona. Koma awa ndi mawu a Chifalansa chakale chimene chinalowa m'makhoti a ku England Anormani, anthu ochokera kumpoto kwa France, atalanda dzikolo mu 1066, ndipo ife tinawalandira pamodzi ndi malamulo a Angerezi. Voir ameneyu akuchokera ku verum wa Chilatini, kutanthauza choonadi, choncho tanthauzo lake ndi "kunena zoona". Mwana wamng'ono akabwera ngati mboni, woweruza amayamba wamufunsa ngati akudziwa kusiyana kwa bodza ndi zoona, ndiponso ngati akumvetsa kulumbira. Mafunso amenewo ndiwo voir dire, ndipo woweruza akawalumpha, umboni wa mwanayo ukhoza kutsutsidwa pa apilo.