Kanyani ka malupanga awiri: ndi Meissen yeniyeni?

FUNSO: Bambo, ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leicester. Loweruka lapitali ndinagula pa car boot sale (msika womwe anthu amagulitsa katundu wawo wakale kuchokera m'magalimoto) kachidole ka nyani wovala jekete akuimba lipenga, pa mapaundi 8. Kunsi kwake kuli malupanga awiri abuluu opingasana. Mnzanga akuti ndi Meissen ya ku Germany, ati ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe. N'zoona? Mayi wa ku Leicester

YANKHO: Mayi, kanyani kameneko ndikukadziwa. Ndi kamodzi mwa gulu la anyani oimba lomwe Johann Joachim Kändler anaumba mu 1753. Kändler anayamba ntchito ku Meissen mu 1731, pafakitale youmba ziwiya ndi zidole zadongolo yomwe mfumu Augustus ya ku Saxony inatsegula mu 1710 kufupi ndi Dresden. Ine anyani ake ndimawakonda kuposa zidole zonse za kumeneko, chifukwa aliyense ali ndi nkhope yakeyake.

Koma malupanga paokha si umboni. Meissen inayamba kuwalemba mu 1722, ndipo chifukwa cha kutchuka kwake ambiri anawabera. Fakitale ya Samson ku Paris inkaumba zofanana nazo m'zaka za m'ma 1800, ndipo ena akupangabe zabodza mpaka lero.

Katembenuzeni, mupititse chala pa chizindikirocho. Cha Meissen amachilemba pamanja ndi utoto wabuluu wa cobalt asanakute dongolo ndi madzi aja amene amauma ngati galasi m'ng'anjo, choncho chimakhala mkati, chala sichikumva. Chikamatukuka, kapena chikaoneka ngati chodinda, kayikani. Ndiye yang'anani ngati pali kadontho kapena kanyenyezi. Kadontho pakati pa zigwiriro ndi ka 1763 mpaka 1774, kanyenyezi kunsi kwake ndi ka nthawi yomwe Marcolini anali mkulu wa fakitaleyo, 1774 mpaka 1814, pomwe kadontho pakati pa nsonga ndi ka 1924 mpaka 1934. Mizere yokandidwa modutsa malupangawo nthawi zambiri imasonyeza kuti anapezako chilema kufakitale, ndipo mtengo umatsika.

Ine koma ndimayamba ndi zala za nyaniyo. Pa chenicheni chala chilichonse chili pachokha, ubweya umaoneka tsitsi lake, mabatani a jekete n'kuwerengeka. Pa chabodza zonse zimaphatikana ngati kandulo yosungunuka.

Ngakhale katakhala kenikeni, musafulumire kunena kuti ndi ka 1753. Meissen ikuumbabe anyani omwewa, ndiye kakhoza kukhala ka zaka 30 zokha. Zaka zake ndi zomwe zidzanene mtengo.

Chonde musakaviike m'madzi otentha. Ngati kanamatidwapo kale, guluu adzasungunuka, mkono n'kugwa. Kapukuteni ndi kaburashi kofewa basi. Usiku kaunikeni ndi tochi ya UV (ija younikira ndalama zachinyengo), malo okonzedwa amawala mosiyana ndi ena. Mukatero kajambuleni kunsi, kumaso ndi m'manja, mupite nako kwa ogulitsa pa okushoni a kwanuko; ambiri amaona ulere. Mudzandilembere zomwe akuuzeni.